Za Uci ndi Shuga: Kodi Alipira Ndani?

Pali zinthu zina zimene munthu acita kuphunzira kuzikonda, ndipo pali zina zimene abadwa ali kuzikonda kale. Tsabola, mowa ndi fodya palibe mwana amene azilandira ndi cimwemwe tsiku loyamba. Ayamba wakwinya nkhope, nazolowera pang'ono-pang'ono poona akulu. Koma kukonda zotsekemera palibe anaphunzitsidwa ndi mnzace. M'zaka za m'ma 1970 munthu wina wophunzira za thupi ku Jerusalem, dzina lace Jacob Steiner, anayesa kudontheza timadzi ta shuga pa malilime a makanda amene anali asanayamwe n'komwe, ndipo anaona kuti nkhope zao zinamasuka, nayamba kunyambita milomo. Koma powapatsa zowawa anakwinya nkhope, nafuna kulabvula. Ngakhale mkaka wa m'mawere, umene uli cakudya coyamba ca munthu ali yense, ngwozuna koposa mkaka wa ng'ombe.

Tsono ngati cikondi cimeneci tinabadwa naco, kodi n'koyenera kuciyesa colakwa? Alipo akulu ena amene anyoza maswiti, nati n'zacibwana, ndipo mwamuna wa ndebvu akapezedwa ali nayo m'thumba amseka. Aliponso ena amene ati munthu adye cimene mtima wace wafuna, malinga ndalama ndi zace. Ine ndiganiza kuti onsewa aphonya pamene pagona nkhani. Kukonda zozuna sikulakwa, monganso kumva ludzu sikulakwa. Koma cozuna ciri conse ciri ndi malipiro ace, ndipo mbiri itionetsa kuti malipirowo sanacokepo ai. Cimene cakhala cisintha ndi munthu wolipira, ndi nthawi yolipirira. Ici ndico ndifuna kuti tilingalire pamodzi.

Tiyambe ndi kufunsa cifukwa cace lilime lathu liri lotere. Munthu wakale wofuna cakudya m'thengo analibe buku lomuuza cipatso cabwino ndi caululu. Mlangizi wace linali lilime. Cipatso cakupsa cizuna, ndipo cipatsa mphamvu msanga. Caciwisi ciwawasa, ndipo zomera zambiri zakupha ziwawa. Cotero wokonda zozuna anakhala ndi moyo nabala ana, ndipo ife ndife adzukulu ace. Ndiponso cikondico sicinali coopsa masiku amenewo, popeza zozuna zinali zosowa. Makolo athu anali kudya masuku ndi masau pa nyengo yace, misale ndi nzimbe za m'dimba, nthoci, mbatata yoocha, ndi thobwa lozuna ndi cimera. Nyengo ya masuku ikatha, atha. Munthu adikire caka ca mawa. Nayo nzimbe siilola kuidya mopupuluma: usende, utafune, ulabvule zotsalira, ndipo nsagwada zilema mimba isanakhute.

Koma mfumu ya zozuna zonse unali uci. M'phanga lina lochedwa Araña, m'cigawo ca Valencia ku Spain, muli cithunzi cojambulidwa pa thanthwe zaka ngati 8,000 zapitazo: munthu wakwera pa zingwe, dzanja lace liri m'funkha la njuci, ndipo njucizo ziri kumzinga. Ku Egypt anthu anali kuweta kale njuci zaka 2,400 Kristu asanabadwe, monga zionetsa zithunzi za m'kacisi wa mfumu Nyuserre. Kwathu kuno nako anthu afula uci m'mphako, napacika ming'oma ya makungwa m'mitengo, monga acitabe ku Mwinilunga ndi ku Kabompo. Ali nalonso bwenzi lao, mbalame ija nsadzu, imene itsogolera munthu kumene kuli njuci kuti iyo idyeko phula ndi ana a njuci. M'caka ca 2016 mai Claire Spottiswoode ndi anzace analongosola zimene anapeza pakati pa Ayao a ku Niassa, m'dziko la Mozambique: wofula uci akaitana nsadzu ndi kaitanidwe kamene anaphunzira kwa atate wace, mwai wace wopeza njuci ukula kuposa katatu.

Taonani tsono makhalidwe a uci. Wofula uci alipira yekha, ndipo alipira tsiku lomwelo. Ayenda mtunda, akwera pamwamba, atsamwa ndi utsi, alumidwa ndi njuci. Pofika kumudzi maso atupa. Palibe angamnamize kuti uci ngwaulere. Ndiponso mwambo umkumbutsa kuti sanaupeze yekha: asiyireko nsadzu cisa, pakuti akulu ati ukaimana, tsiku lina idzakutsogolera kwa njoka kapena kwa cirombo. Kaya mbalame isungadi cakukhosi, kaya iai, mwambowo uphunzitsa cinthu coona, cakuti wothandiza kupeza cozuna ayenera kulandira gawo lace.

Mbiri ya shuga inayenda njira yina. Nzimbe zinayamba kulimidwa pa cisumbu ca New Guinea zaka zikwi zambiri zapitazo, ndipo zinafalikira pang'ono-pang'ono kufikira ku India. Kumeneko ndiko anthu anatulukira nzeru ya kufinya madzi a nzimbe ndi kuwaphika kufikira auma ngati mcenga. Nearchus, mkulu wa zombo za Alexander Wamkulu, atafika ku India ngati m'caka ca 325 Kristu asanabadwe, anazizwa poona bango lopatsa uci popanda njuci. Ngakhale dzina limene tichula lero linayenda ulendo womwewo: Amwenye akale anati sarkara, a ku Persia anati shakar, Aluya anati sukkar, Angerezi anati sugar, ndipo ife tinati shuga. Aluya ndiwo anabzala nzimbe ku Egypt, ku Sicily ndi ku Spain. Koma kwa zaka mazana ambiri shuga ku Europe anali wa mafumu ndi wa odwala okha. Anali kugulitsidwa pang'ono-pang'ono m'nyumba za mankhwala, pamodzi ndi zokometsera zina za mtengo wapatali.

Zinthu zinatembenuka pamene Apwitikizi anabzala nzimbe pa zisumbu za Madeira ndi São Tomé m'zaka za m'ma 1400, ndi pamene Christopher Columbus anaolotsa nzimbe kunka nazo ku Hispaniola m'caka ca 1493. Nthaka ya Brazil, Barbados, Jamaica ndi Saint-Domingue inaziyanja kwambiri. Koma nzimbe ifuna manja ambiri, ndipo ikadulidwa iyenera kufinyidwa msanga madzi ace asanasase. Cotero m'nyengo ya kukolola zigayo zinali kuzungulira usana ndi usiku. Eni minda sanafune kulipira anchito, ndipo anagula anthu. Pa zaka zoposa 300 anthu a mu Africa ngati 12,500,000 anakwezedwa m'zombo kuoloka nyanja ya Atlantic. Pafupi-fupi 2,000,000 anafera m'njira, ndipo ambiri a iwo amene anafika anapita ku maiko a nzimbe. Kumeneko wosinza pa cigayo anali kuphwanyidwa mkono, wophika anali kupsa ndi madzi owira, ndipo pa zisumbu zambiri akufa anali kucuruka koposa obadwa, kotero kuti caka ndi caka eni minda anali kugula anthu ena olowa m'malo mwa akufawo. Nkhani imeneyi siiri ya kutali ndi ife. M'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 anthu a m'maiko a Zambezi ndi a ku Nyanja anatengedwa kudzera ku Quelimane ndi ku madoko ena a Mozambique kunka ku Brazil, ndiponso ku minda ya nzimbe ya Mauritius ndi Réunion.

Apa ndipo paoneka kusiyana kwa uci ndi shuga. Wofula uci anamva mbola m'thupi lace. Koma mai wa ku London wothira shuga m'tiyi sanamve mkwapulo, sanaone cigayo, sanamve kulira kwa munthu. Anaona kanthu koyera ndi kokoma m'kambale. Malipiro analipo, aakulu koposa a uci kutali, koma anali kugwera munthu wina kutsidya la nyanja. Ndipo mtima wa munthu sufulumira kufunsa za cinthu cimene cimkomera. Akulu anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma wakudya nkhuyu angathe kuing'amba naona yekha nyererezo, pamene wakumwa tiyi analibe cong'amba.

Komabe anapezeka anthu amene anafunsa. M'caka ca 1791, Nyumba ya Malamulo ya ku Britain itakana cifuniro ca William Wilberforce cakuti malonda a akapolo aletsedwe, munthu wina dzina lace William Fox analemba kabuku kodandaulira anthu kuti aleke kudya shuga wolimidwa ndi akapolo. Thomas Clarkson, amene anayendayenda m'dzikomo, anawerengera kuti anthu ngati 300,000 anamleka shugayo, ndipo akazi, amene anali kugula zakudya za pa nyumba, ndiwo anacirimika koposa. Ambiri a iwo analibe mau posankha opanga malamulo, koma anali ndi ulamuliro pa kapu yao ya tiyi. Caka comweco akapolo a ku Saint-Domingue anaukira ambuye ao, ndipo mu 1804 anakhazikitsa dziko la Haiti. Britain analetsa malonda a akapolo mu 1807, ndipo ukapolo weni-weni unayamba kutha m'maiko ace mu 1834. Ku Brazil unafika mpaka 1888. Sitinganene kuti kuleka shuga kokha ndiko kunamasula akapolo. Koma kunaonetsa kuti munthu wamba angathe kulamulira lilime lace cifukwa ca mnzace amene sadzamuona konse. Ndiponso tisaganize kuti nkhanza zinathera pomwepo. Amwenye anatengedwa pa mapangano owawa kukalima nzimbe ku Mauritius kuyambira 1834 ndi ku Natal kuyambira 1860, ndipo minda ya nzimbe ya kumunsi kwa Zambezi, mu ulamuliro wa Apwitikizi, inalimidwa ndi anthu a cibalo.

M'zaka zomwezo shuga anali kunka nachipa. Mu 1747 Andreas Marggraf wa ku Berlin anapeza kuti mbeu yina ya mizu, yochedwa beet, imene imera m'maiko ozizira, iri ndi shuga yemweyo wa m'nzimbe, ndipo wophunzira wace Franz Achard anamanga nyumba yoyamba yoyengera shuga wotere. Mu 1874 Britain anacotsa msonkho wa shuga. Munthu mmodzi wa ku England anali kudya mapaundi ngati 4 a shuga pa caka mu 1700, mapaundi 18 mu 1800, ndi mapaundi ngati 90 mu 1900. Pamenepo ndipo panabadwa maswiti monga tiwadziwa ife, opangidwa ndi makina, ogulidwa ndi kakobiri ka mwana. A Fry a ku Bristol anaumba cokoleti cotafuna mu 1847, ndipo Daniel Peter wa ku Switzerland anacisanganiza ndi mkaka mu 1875. Cimene cinali ca mafumu cinafika m'kantini ya m'mudzi. Ife tomwe tiri ndi minda yathu ya nzimbe ku Nakambala, kufupi ndi Mazabuka, imene inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960.

Kukula kwa cikondi cimeneci kunaoneka bwino ku Britain pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Boma linaika muyeso wa shuga ndi maswiti amene munthu ali yense analoledwa kugula. Mu 1949 linayesa kumasula maswiti, koma anthu anathamangira ku masitolo nasesa zonse, kotero kuti patapita miyezi 4 muyeso unabwezedwa. Maswiti anamasulidwa kweni-kweni pa 5 February 1953, ndi shuga mu September caka comweco, ndipo posacedwa anthu anali kudya shuga pafupi-fupi kawiri kuposa kale. Koma nkhaniyi iri ndi mcira wace. Mu 2024 ophunzira atatu, wotsogolera wao Tadeja Gracner, anayerekeza umoyo wa anthu ngati 60,000 obadwa m'zaka zimenezo. Anapeza kuti iwo amene anakhala m'mimba ndi kukula zaka 2 zoyamba m'nthawi ya muyeso, atakula anadwala nthenda ya shuga mocepera ndi magawo ngati 35 mwa 100, ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi mocepera ndi magawo ngati 20 mwa 100, poyerekeza ndi anzao obadwa shuga atamasulidwa. Cimene makolo ao anaciyesa cilango ca nkhondo cinakhala colowa cabwino ca ana.

Uyu ndiye wolipira wacitatu: thupi la wakudyayo, kapena la mwana wace, koma patapita zaka zambiri. Mano ndiwo ayamba. M'kamwa mukhala tizirombo tosaoneka ndi maso, timene tidya shuga wotsalira ndi kumsandutsa asidi, ndipo asidiyo anyenya dzino pang'ono-pang'ono kufikira libooka. Mlendo wina wa ku Germany, Paul Hentzner, ataona Mfumukazi Elizabeth Woyamba mu 1598, analemba kuti mano ace anali akuda, nati cifukwa cace cinali kukonda shuga kwa Angerezi. Nthenda ya mafumu ija lero iri m'kamwa mwa ana a anthu wamba. Pambuyo pa mano pabwera kunenepa kopitirira, ndipo kunenepako kutsegula khomo la nthenda ya shuga ndi ya mtima. Tisanene kuti ali yense wodwala nthenda ya shuga anadziputira yekha, pakuti iri ndi magwero enanso, monga cibadwa ca m'banja ndi ukalamba. Koma kucuruka kwa zozuna kuli pakati pa magwero amene munthu angathe kuwatseka. Mu 2015 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire masipuni ang'ono ngati 12 a shuga pa tsiku, kuwerengera ndi uci womwe ndi shuga wobisika m'zakudya, ndipo kuti nkwabwino koposa akalekeza pa 6. Koma kacitini kamodzi ka zakumwa zozizira kangathe kukhala ndi masipuni 10. Nsagwada zimene zinali kulema ndi nzimbe sizigwiranso nchito, munthu angomeza.

Tsono tidzatani? Wina adzati, ngati ziri tero, tileke konse zotsekemera. Ine sindibvomera. Shuga ali ndi nchito zace zabwino. Madzi a shuga ndi mcere apulumutsa ana ambiri otsegula m'mimba, popeza shuga athandiza matumbo kulandira mcere ndi madzi. Kuyambira 1998 lamulo la Zambia lifuna kuti shuga wogulitsidwa m'masitolo athiridwe vitamini A, amene ateteza maso ndi thupi la mwana. Ndiponso munthu sadya cifukwa ca mphamvu yokha. Kapu ya tiyi wozuna yopatsidwa kwa mlendo wotopa, zitumbuwa za pa msika, keke ya pa ukwati, siwiti imene ambuye aturutsa pa mfundo ya nsaru yao kupatsa mdzukulu: zonsezi ndi mau a cikondi onenedwa popanda kulankhula. Wonyoza zimenezi sali wanzeru koposa anzace, wangouma mtima.

Winanso adzati, thupi ndi langa, ndalama ndi zanga, andiletsa ndani? Koma kodi liripo thupi la munthu mmodzi yekha? Bambo akadwala, amdwazika ndi mkazi wace, ndalama za sukulu ya ana zithera ku cipatala, munda ugonera. Ndipo mwana wa zaka ziwiri amene amwetsedwa zozizira kuti atonthole sanasankhe kanthu. Amsankhira ndi akulu. Makolo anati, nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Masiku ano mwambiwo uli woona pawiri, pakuti zipota kholo limene limlera, ndipo zidzapotanso mwanayo iye mwini atakhala wamkulu.

Kwa inu amene mwangotsiriza sukulu, amene posacedwa mudzagwira malipiro anu oyamba m'manja, ndinena ici. Makolo athu analibe cifukwa ca kudziletsa pa zozuna, pakuti njuci, nyengo ndi umphawi zinali kuwaletsa. Alonda amenewo anacoka, ndipo sitiwalira. Koma pa cipata pamene anacokapo payenera kuima mlonda wina, ndiye nzeru ya munthu mwini. Pa sitolo palibe mbola. Pali mitundu yofiira ndi yobiriwira, iyi ikuitana, iyo ikuitana, ndipo mudziwa cimene cinagwera pusi uja amene anati ici cakoma, ici cakoma.

Cifukwa cace zolowerani kufunsa mafunso awiri. Loyamba: kodi amene anagwira nchito kuti cozuna ici cifike kwa ine analandira gawo lace? Funsoli silinakalambe. Koko woposa theka la dziko lonse, amene apangira cokoleti, acokera ku Côte d'Ivoire ndi ku Ghana, kumene alimi ambiri ali osauka ndipo ana ambiri agwira nchito zoopsa m'minda. Wodula nzimbe m'dzuwa la October ndi mnansi wathu. Ena a inu mudzakhala makalaliki, akapitao, ogula ndi ogulitsa, kapena opanga malamulo; pamenepo kumbukirani cisa ca nsadzu. Laciwiri: kodi cimene ndidya lero adzalipira ndani mawa? Ngati yankho liri lakuti mwana wanu, kapena inu nomwe mutakalamba, bwezani sipuni yacitatu m'mbale.

Pali phindu linanso limene wodziletsa alandira, ndipo ambiri saliganizira. Lilime lizolowera. Wothira masipuni 5 m'tiyi tsiku ndi tsiku samvanso kuzuna kwace, ndipo suku lakupsa limkhalira ngati madzi. Koma amene acepetsa apeza patapita masabata owerengeka kuti pang'ono pamkwanira. Mwana wa m'mudzi amene anali kulawa uci kamodzi pa caka anali kuukumbuka mpaka imvi, pamene mwana wokhala ndi siwiti m'kamwa tsiku lonse sadziwa kuti wadya ciani. Motero wakudya mwa muyeso ndiye amene asunga cikondi cija tinabadwa naco, pamodzi ndi mano odyera, ndi mtima wosamtsutsa pa za mnzace.